Chigumu Chopatsa Thanzi Popanda Uvuni

Mabuku ambiri ophunzitsa kuphika amanena za uvuni, sikelo ndi ufa wa tirigu, motero amayi ena amaganiza kuti maphikidwe otere ndi a m'tauni mokha. Si choncho ayi. Chigumu chimapsa bwino mu poto wamba, ndipo chikakonzedwa mwanzeru chimamanga thupi la mwana amene amapita kusukulu m'mimba muli pululu.

Kanyani nthochi zinayi zakupsa kwambiri. Thiranimo makapu aŵiri a mgaiwa, theka la kapu ya nsinjiro, dzira limodzi, mchere pang'ono ndi mkaka wokwanira kufeŵetsa zonsezi. Pakani mafuta m'poto, thiranimo, vundikirani ndi chitsulo, ndipo makala ambiri akhale pamwamba, ochepa pansi. Mukabaya ndi mpeni n'kutuluka woyera, chapsa.

Nanga bwanji mgaiwa? Pokonola ndi kuviika chimanga, gaga ndi mitima yake zimachoka, pamene m'menemo ndimo muli mafuta ndi vitamini B1. Ufa woyera umakoma m'maso, koma watayidwa zambiri. Soda nayenso amawononga vitamini yemweyu, choncho theka la supuni yaing'ono ndi lokwanira. Amene amachita kutapa ndi dzanja amangoŵaŵitsa chigumu.

Chenjerani ndi mtedza. Musanasinje, sankhani ndi kutaya wonse wofwapa, woŵaŵa ndi wachuku, pakuti chukucho chimatulutsa poizoni wowononga chiŵindi, ndipo moto wophikira suthetsa poizoni ameneyu.