Tayala la matope kapena la phula? Akabaza a ku Mzimba asankhe bwino dzinja lino

Mvula ikangogwa kawiri katatu m'boma la Mzimba, malonda a m'mashopu a zipangizo za njinga zamoto amasintha. Amene ankabwera kudzagula oilo ndi tcheni amayamba kufunsa za matayala, ndipo funso lawo limakhala limodzi: kodi lilipo la mano akuluakulu?

Funsolo lili ndi chifukwa chake. Msewu wa M1 wodutsa pa Jenda ndi wa phula, koma makasitomala ambiri a kabaza sakhala m'mbali mwa phula. Amakhala kwa Khosolo, ku Luwerezi, kwa Mabilabo, ku Manyamula ndi m'midzi yozungulira Embangweni ndi Edingeni, komwe kuyambira Disembala mpaka Epulo njira zimasanduka phala. Tomato ndi mbatatesi zimayenera kufika pamsika wa Jenda zisanawonongeke, ndipo mayi amene matenda amuyamba usiku amayenera kufika ku chipatala cha mishoni cha Embangweni. Walira mvula walira matope, koma wakabaza amene tayala lake lakana ntchito amalira zonse ziwiri, ndalama ndi mwendo.

Mitundu itatu ya matayala

Matayala a njinga zamoto amene amapezeka m'mashopu a pa boma la Mzimba ndi pa Jenda tingawaike m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la pa phula. Mano ake ndi afupiafupi, okhala ndi timizere tating'ono tothamangitsa madzi. Limakhalitsa pa M1 ndipo silidya mafuta, koma likalowa mu katondo wonyowa timizere tija timadzaza dothi, tayala n'kusalala ngati botolo.

Gulu lachiwiri ndi la mano akuluakulu otalikirana, lofanana ndi lomwe limakhala pa njinga za alangizi a zaulimi monga Yamaha DT 125. Chinsinsi chake chili pa mipata ya pakati pa manowo: tayala likamazungulira limataya matope, mano n'kulumanso pansi. Vuto lake ndi lakuti pa phula limatha msanga, limanjenjemeretsa njinga, ndipo phula likanyowa mabuleki sagwira msanga chifukwa labala wokhudza pansi ndi wochepa.

Gulu lachitatu ndi la pakatikati: mano oyandikana pakati, otalikirana m'mbali. Silipambana la matope m'dambo, silipambananso la phula pa M1, koma limayenda konsekonse.

Choncho asanatulutse ndalama, wakabaza awerenge maulendo ake. Amene tsiku lonse amangozungulira m'tauni ya Mzimba kapena kuthamanga pa M1 adzataya ndalama akagula la mano akuluakulu. Amene amakwera zitunda za kwa Khosolo tsiku ndi tsiku ndiye woyenera kuligula. Ambiri, omwe amasakaniza phula ndi dothi, la pakatikati limawakwanira.

Zolembedwa m'mbali mwa tayala

Safunsa anadya phula, koma tayala limayankha lokha mafunso ambiri. Nambala ngati 3.00-18 imatanthauza kuti tayalalo ndi la mainchesi atatu m'lifupi ndipo limalowa pa rimu ya mainchesi 18. La 17 silingalowe pa rimu ya 18, ngakhale wogulitsa atalumbira. Kuika lalikulu kuposa lomwe njinga inabwera nalo kumachepetsa mpata pakati pa tayala ndi madigadi, ndipo matope akadzaza pamenepo gudumu limaima.

Zilembo za 4PR, 6PR kapena 8PR zimasonyeza kulimba kwa thupi la tayala. Wonyamula matumba a chimanga ndi madengu a tomato asatsike pansi pa 6PR kumbuyo. Palinso nambala ya katundu: 47 imatanthauza makilogalamu 175, pomwe 52 ndi makilogalamu 200 pa tayala limodzi. Woyendetsa, kasitomala ndi thumba la makilogalamu 50 amalemera kwambiri kumbuyo, kotero nambala imeneyi si yokongoletsa.

Manambala anayi otsatizana, nthawi zambiri okhala m'kabokosi, amanena sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. Mwachitsanzo, 2324 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2024. Tayala lomwe lakhala zaka zambiri pa alumali, makamaka padzuwa, limauma n'kuyamba ming'alu ngakhale lisanayendepo. Zilembo za TT zikutanthauza lofuna chubu, TL ndi lopanda chubu. Rimu ya masipoko imafuna chubu. Ngati pali kamuvi, tayala limangidwe motsata komwe kakuloza.

Mtengo weniweni

Matayala onsewa amachokera kunja, ambiri ku China ndi ku India, kotero mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za njinga zinakwera nthawi yomweyo, ndipo mitengo imasiyana shopu ndi shopu. Wogula afunse malo awiri kapena atatu, afunsenso ngati mtengowo ukuphatikiza chubu ndi kumangitsa.

Njira yabwino yoyerekezera ndi kugawa mtengo ndi miyezi imene tayala lagwira ntchito. Tingoyerekeza: la K40,000 lotha m'miyezi iwiri ladya K20,000 pamwezi, pomwe la K60,000 lofika miyezi isanu ladya K12,000. Apo sitinawerengere masiku omwe njinga yakhala kwa makaniko makasitomala akukwera za ena. Akabaza a pa siteji imodzi akasonkha n'kugula matayala angapo nthawi imodzi, kapena kutuma mmodzi ku Mzuzu kaya ku Kasungu, amakhala ndi pakamwa ponenerera.

Matayala a kaunjika afunika maso. Ena amadulidwa ndi mpeni kuti mano aoneke akuya, zomwe zimasiya labala wopyapyala. Wogula apinde tayalalo, ayang'ane ming'alu m'mbali, apisenso dzanja mkati kufufuza zigamba ndi ulusi wothothoka.

Mpweya ndi tayala la kutsogolo

Kuphwetsa pang'ono kumathandiza tayala kugwira m'matope ndi mu mchenga, koma kuphwetsa kwambiri uli ndi katundu kumachititsa rimu kutsina chubu pa mwala, kapena kuzula valavu. Akangofika pa phula, mpweya ubwezeretsedwe monga linenera buku la njingayo. Tayala latsopano limafunanso chubu chatsopano, chifukwa chakale chinatamuka ndipo chimapindika mkati.

Akabaza ambiri amasintha la kumbuyo lokha poti ndilo limatha msanga ndiponso limakankha njinga. Komabe la kumbuyo likaterera njinga imagwedeza mchira n'kuwongoka, pomwe la kutsogolo likaterera munthu amangozindikira ali pansi. Ngati ndalama ndi ya tayala limodzi pomwe onse awiri atha, yotsatirayo isadikire mwezi wa mawa.

Ndipo palibe tayala lowolotsa njinga pa mtsinje wodzaza. Timitsinje tothira mu South Rukuru timakwera msanga mvula ikagwa kumtunda. Pamenepo wakabaza wanzeru amazimitsa njinga, n'kuuza kasitomala wake kuti adikire madzi aphwe.