Kodi mumadziwa kuti miyala ya pa Mars inajambulidwa zidutswazidutswa?

Chithunzi chimodzi chotambalala cha phiri la pa Mars chinapangidwa polumikiza zithunzi zoposa 1,000.

Anazijambula ndi makina a NASA otchedwa Curiosity, omwe anatera pa pulanetili mu Ogasiti 2012. Ntchitoyi inachitika pakati pa 24 Novembala ndi 1 Disembala 2019 pamalo otchedwa Glen Torridon, m'mbali mwa phiri la Mount Sharp. Kamera inkajambula kachigawo kakang'ono, n'kusuntha pang'ono, n'kujambulanso. Inkachita zimenezi dzuwa lili paliwombo, kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana a kumeneko, kuti kuwala kukhale kofanana paliponse. Zitalumikizidwa, chinatuluka chithunzi cha timadontho 1.8 biliyoni.

Chintchito chonsechi n'chifukwa cha miyala. Phirili, lotalika pafupifupi makilomita asanu, ndi la miyala yosanjikizana ngati mabuku, ndipo ya pansi ndiyo yakale kuposa ya pamwamba. Pachithunzi chotambalala, katswiri amatha kulondola mzere umodzi wa mwala ndi chala kuchokera uku mpaka uko, kuona pamene wapyapyala ndi pamene waduka, kenako n'kuchikulitsa mpaka ming'alu ionekere.

Chogwira mtima ndi zimene mizereyi imaulula. M'munsi muli dongo, chizindikiro choti kale kunali nyanja. Chakumtunda kuli miyala ya mchere, yomwe inatsalira madziwo akuphwa.