NSANGWE NDI NTHAWI YA KUBZALA

Mwezi wathawu tinali pa msonkhano wa alimi pansi pa mtengo wa kacere, tirikukambirana za kupanga mizere msanga. Titatha mau athu, mkulu wina wa imvi anaimirira nati, "Inu alangizi muli ndi kalendala wanu wa papepala, ife tiri ndi wathu kumwamba. Nsangwe zikatuluka madzulo, ndiye kuti mvula yafika. Kodi mutsutsa?" Ife sitinatsutse, koma sitinabvomerenso zonse. Tinalonjeza kuti tidzayankha bwino m'nyuzi muno, pakuti nkhani imeneyi ikhudza nkhokwe ya munthu ali yense. Mlimi wodziwa cimene Nsangwe zinena, ndi cimene sizinganene, sataya mbeu yace.

KUMENE TINGAZIONE

Nsangwe ndi kagulu ka nyenyezi zounjikana pamodzi monga tinjere ta mapira pa cikhatho. Munthu wa maso abwino amawerengapo 6 kapena 7. Zimatulukira kum'mawa, cakumpoto pang'ono. Pakapita ola limodzi ndi theka, kudzanja lamanja kwa Nsangwe kumatuluka nyenyezi zitatu zondondozana, zimene makolo anazicha Akamwiniatsatana. Angerezi amachula Nsangwe kuti Pleiades. Aswahili amati Kilimia, Azulu amati isiLimela, ndipo maina awiriwa acokera ku mau akuti kulima. Cotero si ife tokha amene tiyang'ana nyenyezi zimenezi tisanagwire khasu.

Kwathu kuno ulendo wa Nsangwe pa caka uli wotere. Kumapeto a June, cisanu ciri pakati ndipo cimanga ciri m'nkhokwe, zimaoneka kum'mawa m'bandakuca. Pakati pa September zimatuluka 10 koloko ya usiku itangopitirira. Pakati pa October zimatuluka 8 koloko itapitirira. Pakati pa November zimatuluka mdima ukungoyamba, ndipo nthawi imeneyi ndiyo ananena mkulu uja. M'January, 8 koloko ya usiku, zimakhala zitakwera kale pamwamba, zitapendekera kumpoto. Kumapeto a April zimalowa kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo m'May sizioneka konse.

CIFUKWA CIANI SIZIPHONYA?

Dziko lathuli liri ndi maulendo awiri. Loyamba lizungulira pa lokha monga nguli, ndipo umo ndimo mucokera usana ndi usiku. Kaciwiri liyenda mozungulira dzuwa, ndipo ulendo umenewu utha masiku 365 ndi maola 6, ndico caka.

Tiyerekeze motere. Pakati pa bwalo la mudzi pali moto. Munthu alikuyenda mozungulira motowo ataufulatira. Poyamba aona nyumba ya mfumu, akasuntha aona khola, akasunthanso aona nkhokwe, kufikira atabwerera pamene anayambira, naonanso nyumba ya mfumu. Nyumbazo sizinayende, wayenda ndi iye. Moto uja ndilo dzuwa, munthuyo ndilo dziko, nyumba ndizo nyenyezi. Usiku ndiyo nthawi imene mbali yathu ya dziko yafulatira dzuwa, ndipo mwezi uli wonse tiyang'ana mbali yina ya thambo. M'November Nsangwe ziri kumene tayang'anako, cifukwa cace zioneka usiku wonse. M'May ziri kuseri kwa motowo, zituluka ndi kulowa pamodzi ndi dzuwa, ndipo kuwala kwa dzuwa kuzibisa.

Cifukwa ca ulendo umenewu nyenyezi iri yonse imafulumira kutuluka ndi mphindi 4 usiku uli wonse. Pa mwezi mphindizo zikwana maola awiri, ndipo pa miyezi 12 zikwana maola 24, nyenyezi nibwerera pa nthawi yace yakale. Mungathe kuyesa nokha. Khalani pa khonde, pa malo amodzimodzi, muone nthawi imene Nsangwe zifika pansonga pa mtengo wina. Bwererani patapita masabata awiri, mudzapeza kuti zafikapo ola limodzi msanga. Kalendala ameneyu amasuntha pang'ono pokha, tsiku limodzi pa zaka 70, motero cizindikiro cimene anaona agogo athu cikali coona lero lomwe. Pa mau amenewa mkulu uja analondola ndithu.

NSANGWE NCIANI?

Nyenyezi iri yonse ya m'Nsangwe ndi dzuwa. Zioneka zazing'ono cifukwa ca kutalika, monga umo moto wolusa wa lupsya pa phiri lakutali uonekera ngati khala limodzi. Dzuwa lathunso ndi nyenyezi, kungoti liri pafupi.

M'caka ca 1610 munthu wa ku Italy dzina lace Galileo anafalitsa zimene anaona ndi galasi loonera kutali, ndipo pa cithunzi cace ca Nsangwe anajambula nyenyezi 36. Magalasi akulu a masiku ano asonyeza kuti m'kagulu kameneka muli nyenyezi zoposa 1,000. Zimene tiziona ndi maso ndizo zazikulu zokha. Yowala koposa, imene akatswiri amaicha Alcyone, iposa dzuwa lathu kuwala kokwana 2,000. Mukazipenyetsetsa mudzaona kuti nzoyera mobiriwira. Mlimi amene anaonako nchito ya wosula makasu adziwa kuti citsulo cimayamba kufiira, ndipo cikapsya kwambiri cimayera. Nyenyezinso nzotero: yofiira njozizirako, yoyera mobiriwira njotentha koposa. Pamwamba pa dzuwa lathu kutentha kwace ndi madigiri 5,500, koma pa Alcyone kupitirira kawiri pamenepo.

Nanga nkhuni za moto wotere zicokera kuti? M'caka ca 1925 mai wina wophunzira, Cecilia Payne, anasonyeza kuti nyenyezi zapangidwa makamaka ndi mpweya wopepuka wochedwa haidrojeni. Pakati peni peni pa nyenyezi mpweyawu upanikizidwa ndi kulemera kwa nyenyezi yonse, kufikira tizidutswa tace tiphatikizana ndi kusanduka mpweya wina wochedwa hiliyamu. Pa kusandukapo mpamene patuluka kutentha ndi kuwala. Palibe utsi, palibe phulusa monga la nkhuni. Kuwala kumene kukhwimitsa cimanga ndi kukuza tsamba la fodya kwacokera m'ng'anjo yotereyi ya pakati pa dzuwa.

KUTALIKA KWACE

Palibe cinthu cothamanga kuposa kuwala. Kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Dzuwa liri pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni, ndipo kuwala kwace kutifika patapita mphindi 8 ndi masekondi 20. Nyenyezi zina zonse ziri kutali kwakuti makilomita sathandiza powerenga, cotero akatswiri amangonena zaka zimene kuwala kutha pa njira. Kucokera ku nyenyezi yoyandikana nafe koposa, kuwala kutha zaka zoposa 4. Kucokera ku Nsangwe kutha zaka ngati 440. Mtunda umenewu unapimidwa bwino ndi combo ca m'mlengalenga cochedwa Gaia, cimene maiko a ku Ulaya anatumiza kumwamba m'caka ca 2013.

Taganizani abale. Kuwala kumene kudzalowa m'maso mwanu usiku uno kunanyamuka ku Nsangwe m'masiku amene Kalonga anali kulamulira Amaravi. Mibadwo yambiri yabadwa, yalima, yaikidwa m'manda, kuwalako kukali pa ulendo.

Komabe Nsangwe ziri ngati mudzi woyandikana nafe. Usiku wopanda mwezi m'nyengo ya cisanu timaona mkwasa woyera wodutsa thambo lonse, ndiwo Mlalang'amba. Ameneyu si mtambo kapena utsi iai, ndi nyenyezi zocuruka zedi, zoposa mamiliyoni 100,000, zimene maso sangathe kuzilekanitsa. Dzuwa lathu pamodzi ndi Nsangwe ziri m'kati mwa khamu limenelo, ndipo kuwala kutha zaka ngati 100,000 kuti kulidutse. Kunja kwace kuli makamu ena otero osawerengeka.

NAZALE YA NYENYEZI

Alimi a fodya adzamva msanga mbali iyi. Timafesa fodya pa bedi limodzi, mbande nizimera zothinana, zonse za msinkhu umodzi, ndipo pambuyo pace tiziokera m'munda iri yonse pa phando lace. Nyenyezinso zimabadwa pagulu. Pakati pa nyenyezi pali mitambo yaikulu ya mpweya ndi pfumbi. Mtambo wotere ukayamba kudzikoka wokha, umagawika m'mibulu yambiri, mbulu uli wonse nupanikizika, nutentha, kufikira wayaka. Nsangwe zinabadwa motero m'mtambo umodzi zaka ngati 100 miliyoni zapitazo. Ciwerengero cimeneci cioneka cacikulu, koma dzuwa lathu liri ndi zaka 4,600 miliyoni. Poyerekeza ndi dzuwa, Nsangwe ndi mbande zimene zikali pa bedi. Nzounjikana cifukwa sizinabalalike, ndipo akatswiri awerengera kuti pa zaka 250 miliyoni zikudzazi zidzamwazikana, iri yonse niyenda yokha.

Ngati mufuna kuona bedi limene likumera kumene, yang'anani Akamwiniatsatana potuluka. Kudzanja lamanja kwao kuli tinyenyezi tina titatu tating'ono, ndipo kapakati kaoneka ngati kali m'nkhungu. Kameneko ndi mtambo umene nyenyezi zatsopano zirikubadwiramo.

KODI ZIMABWERETSA MVULA?

Apa mpamene tinasiyana ndi mkulu wathu uja. Cinthu cimene kuwala kwace kutha zaka 440 pa njira sicingasonkhanitse mitambo pamwamba pa munda wathu. Wokoka mvula ndi dzuwa. Kumapeto a October ndi kuciyambi kwa November dzuwa limafika pamutu peni peni m'cigawo capakati ca dziko lino. Nthaka imatentha, mpweya wotentha nukwera kumwamba, ndipo mphepo za cinyezi zocokera ku nyanja ya Indian ndi ku nkhalango za Congo zimadza kudzakomana pamwamba pathu. Mpweya wonyowawo ukakwera umazizira, nusanduka mitambo, mvula nigwa.

Tsono kutuluka kwa Nsangwe madzulo ndi kufika kwa dzuwa pamutu zonsezi zicokera ku ulendo umodzi wa dziko pozungulira dzuwa, cifukwa cace zicitika nyengo imodzi caka ndi caka. Tambala amalira m'bandakuca, koma si iye amene aturutsa dzuwa. Ndiponso ulendo wa dziko susintha, pamene mphepo ndi nyanja zimasintha. Zaka zina madzi a nyanja yaikulu ya Pacific, kutsidya lina la dziko, amafunda kuposa masiku onse, cimene acicha El Niño, ndipo kawiri kawiri mvula ya kuno imacepa. Zinatero m'nyengo ya 1991 ndi 1992, ya 2015 ndi 2016, ndi ya 2023 ndi 2024. Akulu akumbukiranso njala ya 1949, pamene mvula inadula mmera uli m'munda. Zaka zonsezi Nsangwe zinatuluka pa tsiku lace, zosacedwa ndi mphindi imodzi yomwe, koma nkhokwe zinakhala zopanda kanthu.

Nsangwe zidziwa tsiku, sizidziwa mvula. Mlimi amene abzala cifukwa waziona, kamvula ka cizimalupsya katangowaza pfumbi, mbeu yace imatupa, nimera, nipserera, ndipo agula mbeu kawiri. Koma bvuto limene tiliona kawiri kawiri poyendera minda ndi lina. Alipo ambiri amene ayamba kusosa mvula itagwa kale. Pamene anzao alikupalira, iwo ndiye alikupanga mizere, ndipo cimanga cobzala mocedwa sicipatsa monga cobzala ndi mvula yoyamba yeni yeni. Kwa otere Nsangwe zikadakhala mlangizi wabwino, pakuti zimacenjeza miyezi isanu mvula isanadze.

ZOTI TIKUMBUKIRE

1. Nsangwe zikaoneka m'bandakuca kumapeto a June, kwirirani mapesi m'munda, osaocha, ndipo yambani kuunjika manyowa. Mitengo ya fodya wakale isatsale ciimire m'munda, cifukwa isunga matenda.

2. Zikatuluka 10 koloko ya usiku m'September, nchito ya nazale ya fodya ikhale iri m'manja, akalozera akhale okonzedwa, ndipo mizere iyambike.

3. Zikatuluka 8 koloko m'October, thirani manyowa, tsirizani mizere, mbeu ndi feteleza zikhale ziri m'nyumba.

4. Zikatuluka mdima ukungoyamba m'November, munda wonse ukhale wokonzeka. Kuyambira pamenepo lekani kuyang'ana kumwamba, yang'anani pansi. Mvula yamphamvu ikagwa, kumbani pa mzere ndi khasu. Ngati dothi lanyowa kuzama kwa cikhatho conse, bzalani tsiku lomwelo. Ngati pansi pali pouma, dikirani.

5. Kumbukirani kuti mvula siyamba tsiku limodzi m'dziko lonse. Kummwera imayamba msanga, kumpoto imacedwerapo, ngakhale Nsangwe zituluka usiku womwewo ku Nsanje ndi ku Karonga.

Tidzapitanso ku mudzi uja kukawerengera mkulu wathu mau awa, ndipo tidzamthokoza, pakuti funso lace lathandiza ambiri. Inu amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu pa bwalo. Usiku wina turukani ndi ana anu muwasonyeze Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba, kuti maina amenewa asatayike, ndipo m'mawa mwace mulawire kumunda. Akulu anati mmera mpoyamba.