Mbululu Si Yopusa: Zinthu 7 Zomwe Mphuno Yake Imadziwa

Mvula ikakhazikika mu Disembala, zithaphwi za m'madambo a ku Chadiza zimada bii ndi mbululu. Ana amazitapa m'zitini, akulu amangodutsa osacheuka. Tandiuzeni: kanthu kopanda miyendo, kopanda ululu wa njoka, kamapulumuka bwanji?

1. M'madzi a matope maso alibe ntchito, ndiye mbululu imadalira fungo. Mmodzi mwa adani ake aakulu ndani? Mwati ng'ona? Ayi ndithu. Ndi mwana wa tombolombo, amene amakhala pansi pa madzi asanamere mapiko. Fungo lake likangofika, mbululu imati zii, ngakhale kudya imachepetsa. Imasankha njala.

2. Mbululu ilibe mawu, koma khungu lake limakuwa. Ikalumidwa, pabalapo pamatuluka mankhwala omwe anzake amamva n'kubalalika. Karl von Frisch wa ku Austria ndiye anatulukira zotere pa tinsomba mu 1938. Chonsecho dziko limamukumbukira chifukwa cha kavinidwe ka njuchi.

3. Nanga mdani wachilendo imamudziwa bwanji? Fungo lake likabwera limodzi ndi fungo la mbululu yovulala, basi, wasanduka chigawenga. Kamodzi kokha n'kokwanira. Aphunzitsi a ku pulayimale, musachite nsanje.

4. Gwirani mpando. Sukuluyi imayamba mbululu isanaswe dzira! Maud Ferrari ndi Douglas Chivers a ku yunivesite ya Saskatchewan ku Canada anathira fungo la mdani ndi la mbululu zovulala pa mazira a chule. Zitaswa, mbululu zija zinkamuopa kale mdani yemwe sizinamuonepo. Sizokhazo: zinkasunganso nthawi, kuopa kwambiri pa ola lomwe fungo lija linkabwera zili m'dzira. Wotchi zinaigula kuti?

5. Imadziwanso chomwe mdani wadya. Akadya china, mantha amakhala ochepa. Akadya mbululu, fungo limamuulula ngati mwana wakuba ndiwo amene waiwala kupukuta pakamwa.

6. Mantha amasintha thupi lenilenilo. Ku America kuli achule a m'mitengo omwe mbululu zawo zikakulira m'madzi onunkha mwana wa tombolombo, zimamera mchira waukulu, wofiira, wamadontho akuda. Wofiira? Pamene ukubisala? Eya. Mdani amakopeka ndi mchirawo, n'kusiya mutu ndi mimba. Mchira ukang'ambika umaphukanso, mutu ayi.

7. Iyi ndi ya inu a thonje ndi fodya ku Chadiza, kuyambira kwa Mlolo mpaka kwa Zingalume. Mu 2001 Rick Relyea ndi mnzake anapeza kuti mankhwala ophera tizilombo otchedwa carbaryl amapha mbululu zambiri, kuwirikiza kawiri mpaka kanayi, ngati m'madzimo mulinso fungo la mdani. Mdaniyo anali m'kachikwere, osatha kugwira ngakhale mbululu imodzi. Fungo lokha, kuphatikiza mankhwala ochepa omwe paokha sakanapha zambiri chotero. Ndiye mukatsukira chopopera m'dambo, musadabwe chaka chamawa achule akamalira ochepa.