Musagulitse Nyumba Musanapeze Kolowera

M'caka ca 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhansolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo. Mabanja ambiri ku Libala, Chilenje ndi Matero mu Lusaka, ndiponso m'matauni a ku Copperbelt, anakhala eni nyumba pa mtengo wocepa. Koma tikumbukira kuti ena anazigulitsanso mwamsanga poganiza kuti adzagula zina. Ndalama zinatha, iwo nabwerera ku lendi m'makomboni.

Vuto limeneli likali pakati pathu. Ndalama ya nyumba ikalowa m'thumba, aliyense amamva. Kumabwera maliro, mafizi a sukulu, feteleza ndi abale opempha ngongole. Mwezi uliwonse lendi imadyako, pamene mitengo ya mapuloti ndi simenti ikukwera. Tisaiwale caka ca 2015 pamene Kwacha inagwa mphamvu kwambiri: amene anasunga ndalama kuyembekeza nyumba anapeza kuti sizikwaniranso.

Ndiponso ndalama imene mwagwirizana ndi wogula siifika yonse m'manja mwanu. Wogulitsa ndiye amalipira msonkho wosinthira umwini ku ZRA, umene unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025. Pa nyumba ya K500,000, msonkho wokha ndi K40,000. Lamulo la malo la 1995 limafunanso cilolezo ca boma malo a taitolo asanasinthe mwini, ndipo mapepala amatenga nthawi.

Nanga ticite ciani? Coyamba, pezani nyumba kapena puloti imene mufuna, ndipo kafufuzeni ku Unduna wa Zamalo kapena ku khansolo ngati wogulitsayo ndiye mwini wake weniweni. Amene mufuna kubwerera kumudzi, kambani ndi anyakwawa ndi mfumu musanagulitse ya m'tauni, cifukwa munda umene munasiya kale mwina ukulimidwa ndi ena. Caciwiri, tsiku lotuluka m'nyumba lilembedwe m'cipangano pamaso pa loya, ndipo likhale lokupatsani mpata wosamuka. Musalole kutuluka m'nyengo ya mvula mukali kuumba njerwa. Cacitatu, amai ndi ana adziwe zonse, pakuti ndiwo amayamba kuvutika denga likasowa.

Abale, wogula amene akukufulumizani ali ndi kwake kogona. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapacala ngwa mphepo. Makiyi a nyumba yakale muwapereke pamene a nyumba yatsopano ali m'manja mwanu.