Filimu yodawuniloda ndi yobwereka, ili ndi tsiku lobweza

Basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg imatha pafupifupi masiku awiri pamsewu, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo mzere ukatalika pachipata ulendo umaposa pamenepo. N'chifukwa chake amalonda ambiri okaoda katundu amadzaza mafilimu m'foni asananyamuke. Koma ena amadabwa pobwerera: filimu yomwe adayamba kuonera popita yakana kutseguka, chonsecho bandulo adalipira ndipo malo m'foni idatenga.

Foni siyidaonongeke ayi. Ndi mmene makampani oonetsa mafilimu pa intaneti monga Netflix, Prime Video ndi YouTube adakonzera zinthu. Wodawuniloda sagula filimu. Amangoibwereka, ndipo mwini wake ndiye amanena tsiku lobweza.

Netflix idafika m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, mu Januwale 2016, ndipo mu Novembala chaka chomwecho idayamba kulola anthu kusunga mafilimu m'foni kuti azionera popanda netiweki. Filimuyo imalowadi m'foni, koma imakhala yokhomedwa ndi loko yomwe kiyi wake ali mu pulogalamu ya kampaniyo basi. Kiyiyo imagwira ntchito pa foni yomweyo, pa akaunti yomweyo, kwa nthawi yoikika.

Nthawiyo imasiyana. Pa Netflix mafilimu ena amatha pakapita maola 48 kuchokera pomwe munthu wayamba kuonera, pomwe ena amakhalitsa, ndipo akatsala ndi masiku ochepa pulogalamu imalemba nthawi yotsala pambali pa dzina la filimu. Pa Prime Video mafilimu ambiri amadikira masiku 30 asanayambidwe, koma akangoyambidwa wotchi ya maola 48 imayamba kuyenda. Pa YouTube mavidiyo osungidwa amafuna kuti foni ilumikizidwe ku intaneti kamodzi pamasiku 29 alionse. Choncho wapaulendo yemwe amalawa filimu iliyonse mphindi ziwiri ali pa depoti kuti aone ngati ikugwira amakhala wayatsa mawotchi onse nthawi imodzi. Kuyesa imodzi n'kokwanira.

Pali chinanso chokhudza odutsa malire. Mafilimu omwe amaloledwa kuonetsedwa ku Malawi si onse omwe amaloledwa ku South Africa kapena ku Tanzania, chifukwa ziphaso zake zimagulidwa dziko ndi dziko. Foni ikalumikizidwa ku intaneti ya dziko lina, filimu yomwe kumeneko kulibe ikhoza kukana kuonetsa mpaka mwini wake atabwerera kwawo.

Nanga ndalama imapulumukira pati? Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Netflix yomwe imanena kuti kudawuniloda ndi kuonera mwachindunji kumadya data yofanana. Ola limodzi la filimu ndi ola limodzi basi, kaya lalowa lonse nthawi imodzi kapena pang'onopang'ono. Chomwe chimasintha mtengo ndi kuwala kwa zithunzi, malo ndi nthawi yomwe munthu wadawunilodera, komanso kuti filimuyo aionera kangati.

Pa kuwala kwa zithunzi, masamu ake ndi osavuta. Malinga ndi ziwerengero za kampaniyi, zithunzi zotsika kwambiri zimadya mpaka 0.3GB pa ola, zapakati mpaka 0.7GB, za HD mpaka 3GB, ndipo za 4K mpaka 7GB. Sewero la zigawo khumi za ola limodzi chilichonse likhoza kudya 7GB pa zithunzi zapakati, koma 30GB pa HD. Kusiyanako ndi 23GB, ndalama ya mabandulo angapo, pa nkhani imodzimodzi yomweyo. Ndipo kunena zoona, pa galasi la foni lotalika ngati chikhato, maso ambiri sangaone chomwe 23GB yowonjezerayo yagula. Podawuniloda pulogalamu imapereka zisankho ziwiri, Standard ndi High. Kwa wogula bandulo ndi ndalama ya m'thumba, Standard ndiye mnzake.

Pa nthawi ndi malo m'pomwe pali phindu lenileni. Woonera mwachindunji amalipira mtengo wa data wa nthawi yomwe akuonerayo, nthawi zambiri madzulo. Wodawuniloda amasankha yekha nthawi yogula, ngati mayi yemwe amapita kumsika wa tomato m'mamawa magalimoto akungotsitsa kumene. Makampani a lamya amakhala ndi mabandulo a usiku omwe amatsika mtengo poyerekeza ndi a masana, ndipo netiweki usiku imathamangako chifukwa anthu ambiri agona. Ena ali ndi Wi-Fi kuntchito, kusukulu kapena pamalo ogona alendo, ngati eni ake alola. Chofunika kuonetsetsa n'chakuti bandulo ndi ya intaneti yonse. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha siyigwira pa Netflix, ndipo foni ina ikapeza kuti bandulo yoyenera palibe imayamba kudya mayunitsi mwakachetechete.

Kwa makolo phindu limaonekera pa zidole za ana. Mwana amatha kuonera katuni imodzi kakhumi osatopa. Pa intaneti mwachindunji kholo limalipira kakhumi, koma yosungidwa m'foni limalipira kamodzi. Magetsi akathima ndipo TV yazima, foni kapena tabuleti yatchaji bwino imapitiriza.

Malire aliponso pa chiwerengero. Netflix imalola mafilimu kapena zigawo 100 pa chipangizo chimodzi, ngakhale mafoni ambiri amadzaza asanafike n'komwe pamenepo. Chiwerengero cha zipangizo chimatengera phukusi lomwe munthu amalipira: la Standard limalola ziwiri, la Premium zisanu ndi chimodzi, ndipo otsika mtengo amalola chimodzi. Mabanja ogawana akaunti amakangana pomwepa, chifukwa wina akadzaza foni yake mnzake amauzidwa kuti malo atha mpaka woyambayo atafufuta zake. Mafilimu ena ali ndi malire a kangati pachaka angadawunilodidwe, ndipo si onse omwe ali ndi kachizindikiro ka muvi woloza pansi. TV siyisunga mafilimu motere, ndipo pulogalamu ya Netflix ya pa kompyuta za Windows idasiya kutero mu 2024.

Foni za Android zokhala ndi polowetsa memole khadi zimalola kusunga mafilimuwo pakhadi. Ichi n'chothandiza kwa wokhala ndi foni ya 32GB yomwe theka lake lidapita kale ku zithunzi ndi mauthenga a m'magulu a WhatsApp. Koma khadiyo ikaikidwa m'foni ina, mafilimu aja satseguka.

Mfundo imeneyi ikukhudza achinyamata omwe ali ndi malo obenera nyimbo ndi mafilimu m'misika, komanso eni mavidiyo sho. Wina akhoza kuganiza kuti akalipira mwezi umodzi n'kudzaza khadi ndiye kuti wapeza katundu wogulitsa. Katunduyo sangachoke m'foni mwake, kaya ndi Bluetooth, kaya ndi fulashi. Mgwirizano womwe amavomereza polembetsa umanenanso kuti mafilimuwo ndi oonera yekha ndi a pabanja pake, osati ochitira malonda kapena kuonetsa gulu. Pa intaneti pali mapulogalamu omwe amalonjeza kuthyola lokoyo. Kuwagwiritsa ntchito n'kuphwanya mgwirizanowo, kugulitsa zotuluka m'menemo n'kulakwira lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016 lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, ndipo ena mwa mapulogalamuwo amabwera ndi mavairasi. Pa foni yomwe imasunganso ndalama za bizinesi za Airtel Money kapena Mpamba, kumeneko n'kuika mpamba wonse pachiswe chifukwa cha sewero.

Nkhani ya malipiro nayo siyingasiyidwe. Makampaniwa amadula ndalama mwezi ndi mwezi kudzera pa khadi ya banki, m'ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo womwewo wa dola udayamba kuluma kwambiri. Khadi ikakana kulipira n'kufika poti akaunti yaima, mafilimu onse osungidwa amatsekeka nayo limodzi, ngakhale akadali m'foni. Chimodzimodzi wofufuta pulogalamu kuti apeze malo: imapita ndi zonse zomwe idasunga. Wodawuniloda zigawo makumi atatu kutatsala masiku awiri kuti mwezi wake uthe, alibe chitsimikizo choti alipiranso, akhoza kutaya data yonseyo.

Zosintha m'foni zoyenera kuziona ndi zochepa. Batani la Wi-Fi Only likayatsidwa, pulogalamu siyidawuniloda ndi data ya m'foni, choncho wofuna kugwiritsa ntchito bandulo ya usiku alizimitse nthawi imeneyo n'kuliyatsanso m'mawa. Palinso Smart Downloads, yomwe imafufuta chigawo choonedwa kale n'kubweretsa chotsatira yokha foni ikapeza Wi-Fi. Kuofesi n'zabwino. Koma ngati Wi-Fi yakeyo ndi MiFi ya kunyumba kapena hotspot ya foni ya mnzake, pulogalamu siyidziwa kuti kuseri kwake kuli bandulo yogula, ndipo imadya mpaka itatha.