Kodi Tikamati 'Ameni' Timavomereza Chiyani?

Pali mawu amodzi amene Mkhristu wa ku Nkhoma, wa ku Seoul ndi wa ku Addis Ababa angamvane nawo popanda womasulira. Mawuwa ndi "Ameni". Ayuda amawatchula m'sunagoge, ndipo Asilamu nawonso amati "Amin" akamaliza kunena sura yoyamba ya Korani, ngakhale kuti mawuwa sanalembedwe m'suramo.

Gwero lake ndi Chihebri. Tsinde la mawuwa limanena za chinthu cholimba, chosagwedezeka, chimene munthu angatsamirepo osaopa kugwa, monga mzati wa nyumba. Kuchokera pa tsinde lomweli mpamene panaphukira mawu a Chihebri otanthauza chikhulupiriro, "emunah", ndi otanthauza choonadi, "emet". Alipo ena amene amafalitsa zoti Ameni anachokera ku dzina la Amun, mulungu wa Aigupto. Akatswiri a zilankhulo amakana zimenezi, pakuti kufanana kwa kamvekedwe si ubale.

Chochititsa chidwi n'chakuti olemba Chipangano Chatsopano, amene ankalemba m'Chigriki, anawasiya mawuwa momwe analili. Chilatini chinawatola ku Chigriki, ndipo amishoni anafika nawo mpaka kuno kwathu. Ambuye Yesu anawagwiritsa ntchito mwachilendo: ena onse ankati Ameni pomaliza, koma Iye ankayamba nawo chiphunzitso chake. Mu Uthenga wa Yohane amawabwereza kawiri, ndipo zoterezi zikupezeka malo 25. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anaikapo mawu athu akuti "indetu", ndipo tikuganiza kuti anasankha bwino. Pa Chivumbulutso 3:14 Yesu mwiniyo akutchedwa Ameni.

Cha m'ma 150, Justin Martyr analemba kuti mtsogoleri akamaliza pemphero la Mgonero, mpingo wonse unkayankha Ameni. Paulo naye, pa 1 Akorinto 14:16, akuda nkhawa ndi munthu amene sangathe kunena Ameni chifukwa sanamve chimene chapempheredwa. Ndiye kuti mawuwa ndi a womva, osati a woyankhula yekha, ndipo safunika kutuluka pakamwa asanadutse m'mutu.

Apa mpamene patikhudza, abale. Masiku ano mlaliki mawu akamuthera amafunsa kuti "Ameni?" ndipo ife timayankha chogona. Pa Facebook timauzidwa kuti tilembe Ameni kuti tilandire galimoto sabata isanathe. Koma taonani Deuteronomo 27:15-26. Alevi ankatchula matemberero 12, ndipo anthu onse ankayankha Ameni pa lililonse. Limodzi linali la wosuntha malire a munda wa mnzake, lina la wopotoza mlandu wa mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Woyankha Ameni pamenepo ankadzimanga yekha, monga munthu amene wadinda chala pa kalata ya ngongole. Tsono tidzifunse: ndi angati mwa ife angayankhe mokweza Lamulungu m'mawa, pamene nkhani ya malire ili kwa anyakwawa, kapena katundu wa malemu achimwene ali m'nyumba mwathu, alamu athu akugona ndi njala?

Nanga mlaliki akanena zokoma zimene tikuzikayikira, titani? Yeremiya 28 akutithandiza. Mneneri Hananiya analengeza m'Kachisi kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babulo lidzathyoka ndipo ziwiya za m'Kachisi zidzabwerera. Yeremiya anayankha Ameni, pakuti nayenso ankalakalaka kuti zitero. Sanali munthu wokondwera ndi tsoka la anthu ake. Koma sanalekere pomwepo. Anakumbutsa khamulo kuti mneneri wolosera mtendere amadziwika kuti ngwotumidwa pokhapokha mawu ake atakwaniritsidwa. Hananiya anathyola goli la mtengo limene linali pakhosi pa Yeremiya, ndipo Mulungu anati m'malo mwake mudzabwera goli lachitsulo. Hananiya anamwalira chaka chomwecho, m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo Yerusalemu anagwa patapita zaka zochepa chabe.